Odyedwa Osatchova: Mbiri ya Juga ndi Mabanja ku Britain

Pa juga pamakhala anthu atatu, ngakhale maso amaona awiri okha. Pali wotchova, pali mwini juga amene amalandira ndalama, ndipo pali wachitatu amene sapezeka pamalopo: mkazi amene akudikira ndalama ya ufa, mwana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kapena kholo lokalamba limene katundu wake wagulitsidwa ilo osadziwa. Munthu wachitatuyu sagwira khadi, sasankha nambala, sadziwa ngakhale dzina la kavalo, koma wotchova akadyedwa, iye amadyedwa naye limodzi. Nkhani ino ikulondola mapazi a munthu ameneyu m'dziko la Britain kwa zaka zoposa 200.

Wina angafunse kuti bwanji tapita kutali chotere. Zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba, anthu a ku Britain adalemba zambiri za juga yawo: malamulo, malipoti a Nyumba ya Malamulo, ndiponso kafukufuku wa m'makomo mwa anthu osauka, kotero kuti wolemba mbiri ali ndi poponda. Chachiwiri, mpira umene achinyamata ambiri kuno kwathu amabetcherapo umaseweredwa konko, ku Manchester, ku Liverpool ndi ku London. Tikawerenga mbiriyi mofatsa tiona chinthu chimodzi chikubwerabwera. Banja la munthu wotchova juga limatetezedwa ndi zishango ziwiri, nthawi ndi maso. Juga ikakhala yochedwa, ndalama ina imafikako pakhomo. Ikakhala yoonekera, a pakhomo amadziwa msanga kuti zinthu zaipa. Nthawi iliyonse pamene juga idafulumira kapena kubisika, amene adalipira ndi mabanja.

LOTALE YA BOMA

Boma la England lidayamba kuchititsa lotale kalekale. Yoyamba idachitika m'chaka cha 1569, Mfumukazi Elizabeth I ali pampando, ndipo cholinga chake chidali kupeza ndalama zokonzera madoko. M'zaka za m'ma 1700 lotale idasanduka njira yozolowereka yopezera chuma cha boma. Ndalama zake zidathandiza kumanga mlatho wa Westminster ndiponso kuyambitsa British Museum m'chaka cha 1753. Tikiti imodzi kawirikawiri inkagulidwa mapaundi 10 kapena kuposerapo, ndalama imene wantchito wa m'nyumba akadaikhetsera thukuta miyezi yambiri. Choncho poyang'ana mtengo wa tikiti, munthu akadati lotale idali masewera a anthu olemera okhaokha.

Koma amalonda ochenjera adapeza njira yofikira m'matumba mwa osauka. Popeza manambala a lotale ankatulutsidwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, iwo adatsekula maofesi kumene munthu ankapereka mapeni ochepa kubetcha kuti nambala yakutiyakuti ituluka lero. Mchitidwe umenewu ankautcha "insurance". Taonani chimene chidachitika pamenepa. Masewera amene ankabwera kamodzi kapena kawiri pachaka adasanduka masewera a tsiku ndi tsiku. Wodyedwa Lolemba ankabwerera Lachiwiri kuti akawombole ndalama yake, ndipo ikasowa ankatenga chofunda kapena mphika wa pakhomo nkukaika pinyolo. Antchito a m'nyumba ena adafika poba zinthu za mabwana awo.

M'chaka cha 1808 komiti ya House of Commons idafufuza nkhaniyi. Lipoti lake lidati lotale ikuchulukitsa ulesi ndi umphawi, ikuthetsa mtendere wa m'mabanja, ikuchititsa anthu okhulupirika kuba, ndipo ena ikuwafikitsa pamisala ndi podzipha. Amenewa ndi mawu olemera ochokera kwa aphungu enieniwo. Komabe boma silidafulumire, pakuti lotale inkalowetsa ndalama mosungira chuma cha dziko. Anthu monga William Wilberforce, amene timamudziwa pa nkhondo yothetsa malonda a akapolo, adalimbana nayo kwa nthawi yaitali, ndipo lotale yomaliza idachitika m'chaka cha 1826. Pakati pa kudziwa choipa ndi kuchichotsa padapita zaka 18. Tiona kuti kuzengereza kotere kudachitikanso m'tsogolo.

LAMULO LA OLEMERA NDI LAMULO LA OSAUKA

Lotale itatha, mtima wa juga udasamukira ku mipikisano ya akavalo. M'chaka cha 1845 Nyumba ya Malamulo idagamula kuti ngongole ya juga singatengeredwe kukhoti. Zotsatira zake zidali zakuti obetchetsa adayamba kufuna ndalama pamanja, ndipo m'mizinda mudabuka nyumba zobetchera zambirimbiri. M'chaka cha 1853 lamulo lina lidatseka nyumba zimenezi. Munthu wolemera sadakhudzidwe, chifukwa iye ankabetcha pa ngongole kumakalabu ake kapena kubwalo la mpikisano kwenikweniko. Amene adatsekeredwa kunja ndi mmisiri ndi mlebala. Iwo sadasiye kubetcha ayi. Adangosamukira m'misewu, m'tinjira ta kuseri kwa nyumba, ndi pazipata za mafakitale.

Pofika zaka za m'ma 1880, telegalafu ndi nyuzipepala zotchipa zidachititsa kuti munthu wokhala kutali ndi bwalo adziwe tsiku lomwelo kavalo amene wapambana. Wobetchetsa aliyense adali ndi anyamata ake otolera timapepala ndi masheleni m'mafakitale ndi m'mabala. Atsogoleri a mipingo adaona kuti zafika poipa, ndipo m'chaka cha 1890 adayambitsa bungwe la National Anti-Gambling League. Khama lawo lidabala lamulo la 1906 loletsa kubetcha pamsewu. Lamuloli lidakhalapo zaka zoposa 50, koma chimene lidakulitsa kwambiri ndi ziphuphu: m'madera ambiri apolisi ankalandira kangachepe nkuyang'ana kumbali, ndipo nthawi zina ankagwira munthu wongoikidwa dala kuti kaundula wa milandu asakhale wopanda kanthu.

Tsono tilowe m'nyumba ya wantchito wa masiku amenewo. Mwamuna ankalandira malipiro ake pamanja kumapeto kwa sabata. Mwa ndalama imeneyo ankapatulako ya pakhomo nkupatsa mkazi wake, yotsala nkukhala ya fodya, mowa ndi kubetcha. Akazi ambiri sankadziwa kuti amuna awo amalandira zingati. Lendi, malasha, buledi ndi nsapato za ana zonse zinkayang'ana pa kachigawo kamene kafika m'manja mwa mayi. Choipa china chidali chakuti lamulo la England linkati chuma cha mkazi wokwatiwa nchamwamuna wake. Mayi amene ankachapira anthu zovala kuti ana adye sakadamuletsa mwamuna kutenga ndalamayo nkupita nayo kwa wobetchetsa. Lamulo la 1870 ndilo lidayamba kupatsa mkazi ufulu pa malipiro ake, ndipo la 1882 lidampatsa ufulu pa katundu wake yense.

Ndalama ya pakhomo ikaperewera, mayi ankathamangira kwa wamalonda a pinyolo. M'madera a anthu osauka mudali chizolowezi chodziwika: Lolemba m'mawa mayi ankanyamula suti ya mwamuna wake yovala Lamulungu nkukaisiya pinyolo, ndipo Loweruka, malipiro akabwera, ankakaiwombola ndi chiwongoladzanja. Si onse ochita zimenezi amene adali ndi amuna otchova juga, pakuti malipiro enieniwo adali ochepa. Koma pakhomo pamene sheleni imodzi inkalekanitsa kudya ndi kugona ndi njala, sheleni yopita kwa kavalo inkaoneka msanga. Mphete ya ukwati, wotchi ndi zofunda zikapita osabwerako, anansi onse ankadziwa chimene chalowa m'nyumbamo. Manyazi adalipo, komanso mpata woti achibale alowererepo udalipo.

Mmodzi mwa anthu oyamba kuyesa kuwerenga zinthu zimenezi mwa dongosolo adali Seebohm Rowntree, mwana wa mwini fakitale ya chokoleti mumzinda wa York. M'chaka cha 1899 adatuma anthu kuyendera mabanja 11,560, ndipo zimene adapeza adazisindikiza m'chaka cha 1901. Pafupifupi anthu 28 mwa anthu 100 aliwonse a mumzindawo adali pa umphawi. Mwa iwo, pafupifupi 10 adali m'mabanja amene malipiro awo sakadakwanira ngakhale akadasamala peni iliyonse. Enawo, pafupifupi 18, adali m'mabanja amene ndalama ikadakwanira movutikira, koma ina inkathera kwina. Rowntree adaika mowa patsogolo pa zifukwa zake, kenaka kubetcha ndi juga. M'chaka cha 1905 adasonkhanitsa buku lonse lonena kuti juga ndi tsoka la fuko.

Tisaganize kuti otchova adali amuna okha. Lady Florence Bell, amene adayendera makomo a anthu ogwira ntchito m'ng'anjo zosungunulira chitsulo ku Middlesbrough, adalemba m'chaka cha 1907 kuti obetchetsa ankafika pamakomo masana, amuna ali kuntchito, ndipo amayi ena ankabetcha ndi ndalama ya chakudya. Apa munthu wachitatu uja adali mwamuna ndi ana. Nzosadabwitsa kuti mayi wosowa pogwira ankakopeka: kwa munthu amene alibe buku la kubanki, peni yoponyedwa pa kavalo inkaoneka ngati khomo lokhalo lotulukira m'ngongole ya lendi.

Wolemba mbiri ayenera kumva mbali zonse. Ross McKibbin, polemba m'chaka cha 1979, adatsutsa kuti anthu odana ndi juga ankakokomeza. Iye adati antchito ambiri ankabetcha ndalama zochepa zimene adazipatula kale, ndipo kuwerenga mbiri ya akavalo kunkawapatsa mpata wogwiritsa ntchito nzeru zawo, mpata umene ntchito ya m'fakitale sinkawapatsa. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo ikutithandiza kuona bwino vuto lenileni. Ambiri ankabetcha nkubwerera kwawo ndi malipiro awo. Ochepa ndiwo ankalephera kuima, ndipo tsoka lonse linkaunjikana pamakomo a ochepawo. Funso la mbiri tsono ndi lakuti: ndi juga yamtundu wanji imene imachulukitsa anthu olephera kuima?

JUGA YA PATHEBULO NDI JUGA YA AGALU

Zaka za m'ma 1920 zidapereka mayankho awiri osiyana pa funso limeneli. M'chaka cha 1923 John Moores ndi anzake awiri adayambitsa kampani ya Littlewoods, yochititsa mpikisano wolosera zotsatira za mpira wotchedwa football pools. Munthu ankalemba zolosera zake pafomu mkati mwa sabata, nkuitumiza papositi ndi ndalama zochepa, ndipo ankadikira mpaka Loweruka madzulo kuti amve zotsatira pawailesi. Anthu mamiliyoni adalowa m'chizolowezi chimenechi. Mwayi wopambana udali wochepa zedi, koma masewerawa adali ochedwa ndiponso oonekera. Fomu inkalembedwa pathebulo, nthawi zambiri mayi ndi ana akuthandizako, ndipo wodyedwa Loweruka sakadathamangira kuwombola ndalama yake usiku womwewo. Ankayenera kugona masiku asanu ndi awiri, mtima nkuzizira.

Yankho lachiwiri lidabwera m'chaka cha 1926, pamene bwalo la Belle Vue ku Manchester lidayamba mipikisano ya agalu othamangitsa kalulu wamagetsi. Mabwalo otere adamangidwa m'kati mwa mizinda, pafupi ndi nyumba za antchito, ndipo mipikisano inkachitika madzulo anthu ataweruka. Usiku umodzi munkakhala mipikisano ingapo yotsatizana, kotero kuti wodyedwa pa woyamba ankawirikiza pa wachiwiri. Munthu ankatha kutuluka pachipata cha fakitale ndi malipiro a sabata yonse nkufika kunyumba chimanjamanja. Madandaulo adachuluka, ndipo lamulo la 1934 lidachepetsa masiku amene bwalo lililonse linkaloledwa kubetchetsa pachaka. Apa opanga malamulo adazindikira, mwina koyamba, kuti kuchuluka kwa mipata yobetchera ndiko kumavulaza.

Panthawi yomweyo phungu wina wamkazi, Eleanor Rathbone, ankamenya nkhondo imene poyamba sioneka ngati ikukhudza juga. Kwa zaka zoposa 20 iye adaumirira kuti boma lizipereka ndalama yothandizira ana. Lamulo litafika m'Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1945, boma lidafuna kuti ndalamayo ikhale ya bambo. Rathbone adakana kwamtuwagalu, ndipo aphungu adagwirizana naye kuti ikhale ya mayi. Kuyambira m'chaka cha 1946 mayi ankalandira masheleni asanu pasabata pa mwana aliyense kupatula woyamba. Ndalamayo idali yochepa, koma idali ndi ubwino umodzi waukulu: inkafika pakhomo osadutsa pakhomo la bala kapena pamaso pa wobetchetsa.

NYUMBA ZOBETCHERA NDI DZINA LA MATENDA

Boma litaona kuti lamulo la 1906 likungonyozedwa, lidasintha maganizo. Lamulo la 1960 lidalola nyumba zobetchera, ndipo zidatsekulidwa pa 1 May 1961. Pasanathe chaka zidafika pafupifupi 10,000. Opanga lamuloli adafuna kuti nyumbazi zikhale zosasangalatsa: mudalibe wailesi ya kanema, mudalibe zakumwa, ndipo mawindo ankatchingidwa kuti wodutsa asaone m'kati. Maganizo awo adali akuti wofuna kubetcha abetche, koma wina asakopedwe. Kutchinga mawindoko kudali ndi mbali ina imene sadaiganizire, pakuti kunkabisanso bambo kwa mkazi wake wodutsa pamsewu. Pang'onopang'ono zoletsazo zidafewetsedwa, ndipo m'chaka cha 1986 wailesi za kanema zidaloledwa m'nyumbamo.

M'zaka zomwezi anthu adayamba kuona wotchova juga mosaletseka ngati wodwala. Gulu la Gamblers Anonymous lidayamba ku Los Angeles m'chaka cha 1957, ndipo m'chaka cha 1960 kudabadwa gulu lina, Gam-Anon, la akazi, amuna ndi achibale a otchova. Kubadwa kwa gulu lachiwirili ndi umboni wakuti a pakhomo adali ndi mabala awoawo ofuna mankhwala. M'busa wa mpingo wa Methodist, Gordon Moody, adathandiza kukhazikitsa Gamblers Anonymous ku Britain m'chaka cha 1964, ndipo m'chaka cha 1971 adatsekula nyumba yosungira anthu amene juga idawasiya opanda pogona. M'chaka cha 1980 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America lidalemba vutoli m'buku lake la matenda, ndipo m'chaka cha 2013 lidaliika m'gulu limodzi ndi uchidakwa.

Zizindikiro zimene madokotalawo adalemba nzofunika kuziwerenga ndi maso a munthu wa pakhomo. Wodwala amabwerera tsiku lotsatira kukathamangitsa ndalama imene adadyedwa. Amanama pofuna kubisa kukula kwa juga yake. Amaika pachiswe ukwati, ntchito kapena maphunziro. Amadalira ena kuti amuwombole m'ngongole. Pa zizindikiro zinayi zimenezi, zitatu sizingachitike popanda munthu wina: payenera kukhala wonamizidwa, wosiyidwa, ndi wolipira. Chidakwa chimanunkha mowa ndipo chimadzandira, koma wotchova juga amalowa m'nyumba ali bwinobwino, nkudya nsima ndi ana ake, chikhalirecho lendi yapita kale.

MASEKONDI 20

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 boma lidabwerera ku ntchito imene lidaisiya m'chaka cha 1826. Lotale ya dziko lonse idayamba mu November 1994, ndipo popeza boma lenilenilo linkaitanira anthu ku juga, kudali kovuta kuletsa amalonda kuchita chimodzimodzi. M'chaka cha 2001 msonkho udasinthidwa: m'malo modula pa ndalama iliyonse yobetchedwa, boma lidayamba kudula pa phindu la kampani. Kusintha kumeneku kudachititsa kuti masewera a phindu lochepa koma obwerezedwa kambirimbiri akhale aphindu, ndipo m'nyumba zobetchera mudadzaza makina a roulette. Lamulo la 2005, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira m'chaka cha 2007, lidalola kutsatsa juga pawailesi ya kanema, ndipo lidafafaniza mfundo ya 1845 ija yoti ngongole ya juga singapite kukhoti.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Gudumu la roulette lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36, koma wolosera nambala molondola amapatsidwa phindu lowirikiza ka 35 kokha. Kusiyana kumeneku kumapatsa mwini makina pafupifupi mapaundi 2.70 pa mapaundi 100 aliwonse obetchedwa. Ndalamayi imaoneka yochepa. Koma makinawo ankalola munthu kubetcha mpaka mapaundi 100 pa masekondi 20 aliwonse, ndiye kuti maulendo 180 pa ola limodzi. Wobetcha pamlingo wapamwambawo akadadutsitsa mapaundi 18,000 m'makinamo pa ola, ndipo mwa masamu akadayembekezera kudyedwa mapaundi oposa 480. Wa football pools uja ankadikira sabata. Uyu ankadikira nthawi yochepa kuposa yomangira chingwe cha nsapato.

Lamulo linkalola makina anayi okha m'nyumba imodzi, choncho makampani adangotsekula nyumba zambiri mumsewu umodzi, makamaka m'madera a anthu osauka. Makinawo adaposa 30,000. M'chaka cha 2014 khonsolo ya Newham ku London idatsogolera makhonsolo oposa 90 kupempha boma kuti mlingo utsike kufika pa mapaundi awiri. Boma lidavomera m'chaka cha 2018, koma litafuna kuchedwetsa tsiku loyambira, nduna yoona zamasewera, Tracey Crouch, idatula pansi udindo mu November chaka chomwecho. Mlingo watsopano udayamba pa 1 April 2019. Monga zidachitikira ndi lotale yakale ija, padapita zaka zambiri pakati pa kudziwa ndi kuchita, ndipo chifukwa chake chidali chomwecho: msonkho ndi phindu.

Pamene makinawo ankamangidwa manja, juga idali itasamukira kale m'lamya za m'manja. Apa zishango ziwiri zija zidagwa zonse pamodzi. Nyumba yobetchera inkatsekedwa usiku, koma lamya sitsekedwa. Pa mpira umodzi munthu angathe kubetcha kambirimbiri masewera ali m'kati: wogoletsa wotsatira, kona yotsatira, khadi yachikasu yotsatira. Palibenso envulopu ya malipiro yoti mayi aione kuti yapepuka, palibe suti yopita kupinyolo yoti anansi aione. Bambo angathe kutaya ndalama ya nyumba atakhala pampando umodzi ndi mkazi wake. Mabanja ambiri amadzadziwa pamene kalata ya ngongole yafika, kapena pamene apolisi abwera kudzafunsa za ndalama zosowa kuntchito.

KUWERENGA MUNTHU WACHITATU

Nzodabwitsa kuti padatenga nthawi yaitali chotere kuti munthu wachitatu uja awerengedwe. M'chaka cha 2020 komiti ya House of Lords idati pa munthu aliyense wodwala juga pali anthu ena asanu ndi mmodzi amene amavulala naye, ndipo idatinso mapaundi 60 mwa mapaundi 100 aliwonse a phindu la makampani amachokera kwa anthu asanu okha mwa otchova 100, amene ndi odwala kale kapena ali pafupi kudwala. M'chaka cha 2021 bungwe la Public Health England lidapeza kuti pafupifupi anthu asanu ndi awiri mwa 100 aliwonse ku Britain adavutikapo ndi juga ya munthu wina, ndipo akazi ndiwo adachuluka mwa iwo.

Chaka chomwecho Naomi Muggleton ndi anzake adasindikiza kafukufuku amene Rowntree akadamusirira. M'malo mogogoda pamakomo, iwo adasanthula mabuku a kubanki a anthu 6.5 miliyoni, maina atachotsedwa. Adapeza kuti pamene gawo la ndalama zopita ku juga likukula, kulephera kulipira ngongole ya nyumba ndi kutenga katapila kumakulanso, ndipo otchova kwambiri ankachuluka mwa anthu amene pambuyo pake adataya ntchito kapena kumwalira msanga. Kafukufuku wotere sangatsimikize kuti juga yokha ndiyo idayambitsa zonsezi, koma akuonetsa poyera kuti ndalama ya juga ndi ndalama ya pakhomo zimatuluka m'thumba limodzi.

Amene adasuntha boma kwambiri ndi mabanja ofedwa. M'chaka cha 2018 makolo ena a ku Sheffield, amene mwana wawo wa zaka 24 adadzipha, adayambitsa bungwe la Gambling with Lives. Mnyamatayo adayamba kutchova pa makina aja akadali pasukulu. Pofufuza za imfayo m'chaka cha 2022, woweruza adati machenjezo ndi chithandizo zimene zidalipo panthawiyo zidali zoperewera kwambiri. M'chaka cha 2023 woweruza wina ku Leicester adalemba matenda a juga ngati chimodzi mwa zoyambitsa imfa ya bambo wa ana awiri. Mfundo imene aphungu a 1808 adaitchula, yakuti juga imafikitsa anthu podzipha, idalowa m'kaundula wa khoti patapita zaka 215.

Zosintha zina zidatsatira. Kuyambira mu April 2020 munthu saloledwa kubetcha ndi khadi ya ngongole ya kubanki. M'chaka cha 2023 matimu a Premier League adagwirizana zochotsa maina a makampani a juga kutsogolo kwa malaya awo nyengo ya 2025/26 ikatha. M'chaka cha 2025 boma lidaika mlingo pa makina a juga a pa intaneti, mapaundi asanu paulendo umodzi, ndipo mapaundi awiri kwa a zaka 18 mpaka 24, komanso lidayamba kudula msonkho wapadera kwa makampani wolipirira chithandizo ndi kafukufuku. Tikayang'anitsitsa, malamulo ambiri mwa amenewa akuyesa kubwezera chishango cha nthawi: kuti ndalama isathe msanga. Chishango cha maso nchovuta kuchibwezera ndi lamulo.

CHAONA MNZAKO

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo la juga m'chaka cha 1996 ndipo lidalikonzanso m'chaka cha 2022. Ulendo umene anthu a ku Britain adayenda zaka zoposa 100, kuchokera pa kapepala ka pamsewu kufika pa lamya, ife taudumpha m'zaka zowerengeka. Tidalibe nyengo yaitali ya juga yochedwa yoti tiphunzirirepo. Ndiponso banja la kwathu nlotambalala: ndalama imene ili m'lamya ya wophunzira wa pakoleji mwina ndi ya fodya amene bambo adagulitsa, ya mbuzi ya agogo, kapena yotumizidwa ndi mlongo wake wogwira ntchito ku Johannesburg. Ngati ku Britain ovulala ndi asanu ndi mmodzi, wowerenga aliyense awerenge yekha amene adasonkha kuti iye afike pano.

Mbiri imeneyi sikutiuza kuti kuletsa kumathetsa juga, pakuti lamulo la 1906 lidalephera. Sikutiuzanso kuti kumasula zonse nkwabwino, pakuti makina a masekondi 20 adaonetsa mapeto ake. Chimene ikutiphunzitsa ndi mafunso oyenera kufunsa pa juga iliyonse yatsopano ndi pa lamulo lililonse latsopano. Kodi pakati pa kubetcha ndi kubetchanso pali nthawi yaitali bwanji? Kodi a pakhomo angadziwe zinthu zisanafike poipa? Kodi pali ndalama ina, monga masheleni asanu a Rathbone aja, imene imafika kwa ana osadutsa m'manja mwa wotchova? Ndipo boma limene likulandira msonkho wa juga lidzatenga zaka zingati kuti lichite chimene likudziwa kale? Ku Britain mafunso amenewa adayankhidwa mochedwa, ndipo amene adawakakamiza kufika m'Nyumba ya Malamulo ndi anamfedwa. Kwathu kuno ndi bwino afunsidwe eni ake akadali moyo.